Imene inapambana mpikisano si imene ili m'sitolo

Kuseri kwa msika wa Mandimba, pansi pa mtengo wa mango, pali mkulu wina amene wakhala akukonza njinga zamoto kwa zaka zambiri. Dzina lawo lenileni ndi ochepa amalidziwa, poti aliyense amangoti "kwa a Makaniko". Ndi munthu wosachulutsa gaga m'diwa. Ukawapititsira njinga yodwala, amayamba ailiza kaye n'kutchera khutu pa injini, ngati mmene achitira achipatala pachifuwa cha mwana, kenaka ndi pamene amatenga sipanala.

A Makanikowa ali ndi mwana wa mlongo wawo amene amachita geni ya nsomba. Mnyamatayu amapikula milamba yowamba ndi matemba kwa asodzi a ku nyanja ya Amaramba n'kumakagulitsa ku Mitande ndi ku Mandimba, ndipo zikamuyendera amafika mpaka ku Cuamba. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankachita zimenezi pa njinga yakapalasa, dengu lili kumbuyo, thukuta lili kamukamu. Ndi zoona kuti msewu waukulu wa N13 wochoka ku Cuamba kudzera pa Mandimba mpaka ku Lichinga tsopano uli ndi tala, koma nsomba sizigwidwa pa tala. Amene anayendako njira za kunyanja m'dzinja akudziwa mmene makande amamatira matayala mpaka njinga kukana kuyenda, munthu n'kufika pamsika dzuwa litapendeka, ogula atabalalika.

N'chifukwa chake abale anagwirizana zoti mnyamatayu agule mota, monga mmene anthu a m'derali amatchulira njinga yamoto. Ndalama zake sizinali za munthu mmodzi. Munali za fodya wa zaka ziwiri, munali za nandolo wa mkazi wake, ndipo mayi ake anagulitsa mbuzi zinayi kuti aonjezerepo. Aliyense anadziwa kuti ndalamazo zikapita padera, palibenso pena podzazitenga. Tsono fodya atatha kugulitsidwa m'chaka cha 2024, mnyamatayu anakwera chapa kupita ku Cuamba kukaona mitengo, ndipo anabwerako maso ali ngwee.

"Amalume, ndaipeza," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Ndi yofiira, yamizeremizere, kutsogolo ili ndi malo a nambala ngati za mpikisano zija. Wogulitsa wandionetsa kalendala imene ili pakhoma, njinga yomweyo ikuuluka pamchenga wa m'chipululu. Akuti inapambana mpikisano wa Dakar. Ndi yokwererako mtengo kuposa zinazo, koma ndalama zikwana."

A Makaniko sanayankhe msanga. Anapukuta manja ndi kasanza, n'kumuuza kuti akhale pa chitayala chimene chinali poteropo.

"Mphwanga, imene inapambanayo ndi imene waigwira ndi manja akowo, kapena ndi ya pa kalendalayo?"

"Ndi imodzimodzi, amalume. Mtundu wake ndi womwewo."

"Mtundu wa penti, kapena mtundu wa injini?"

Mnyamata uja anangoti kukamwa yasa. Madzulo a tsiku limenelo, anthu atachepa pansi pa mango paja, ndi pamene amalume akewo anamufotokozera nkhani imene anali asanaikambepo kwa wina aliyense pamudzi.

Nkhondo itafika povuta m'chaka cha 1986, iwo anali m'gulu la anthu ambirimbiri amene anathawira ku Malawi kudzera pa Chiponde, ndipo anakhala zaka zingapo cha ku Namwera. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anzawo ambiri anayamba kubwerera kumudzi, koma iwo analowera ku Joni kukasaka ntchito. Atavutika ndi maganyu kwa nthawi, anapeza malo m'kagalaja kena mumzinda wa Durban. Ntchito ya m'kagalajako sinali yokonza magalimoto owonongeka ayi, koma yopanga magalimoto otengera ena, amene pa Chingerezi amati replica.

Kunja kuno kuli anthu a ndalama zawo amene amasirira magalimoto aliwiro akalekale amene anasiya kupangidwa. Imodzi mwa magalimoto otero ndi Cobra, imene inabadwa m'chaka cha 1962 pamene Carroll Shelby wa ku America anaika injini yaikulu ya Ford m'kagalimoto kakang'ono ka kampani ya AC ya ku Mangalande. Ma Cobra enieni anapangidwa pafupifupi 1,000 okha, ndipo mtengo wa imodzi lero ndi wosayamba. Ina ndi Lotus Seven ya Colin Chapman, imene inatuluka m'chaka cha 1957. Kaamba koti enieniwo ndi osowa, kunabuka makampani opanga ofanana nawo, ndipo dziko la South Africa ndi lotchuka pa ntchito imeneyi. Kampani ya Birkin inayamba kupanga otengera Lotus Seven kufupi ndi Durban m'zaka za m'ma 1980, ya Hi-Tech Automotive imapanga otengera Cobra ku Gqeberha kumene kale kunkatchedwa Port Elizabeth, pomwe ya CAV ku Cape Town inatchuka ndi otengera Ford GT40, galimoto imene inapambana mpikisano wa Le Mans ku France zaka zinayi zotsatizana kuchokera 1966 mpaka 1969.

Kumene ankagwira a Makaniko sikunali ku makampani otchukawa. Kanali kagalaja ka munthu mmodzi, ka antchito osakwana khumi, kotulutsa magalimoto owerengeka pachaka. Thupi la galimoto ankaliumba ndi fayiba m'chikombole, ngati mmene aumbira njerwa, n'kulikhazika pa mapaipi owotcherera. Bwana wake anali wokonda mpikisano. Loweruka ankatenga galimoto imodzi kupita nayo ku bwalo la liwiro, ndipo kawirikawiri ankabwerako ndi chikho. Zikhozo anazindandalika pa shelefu mu ofesi, pamodzi ndi zithunzi, malo oti aliyense wolowa ayambe waona zimenezo. Wogula akafunsa ngati galimoto zake zili zolimba ndi zothamanga, bwanayo ankangoloza pa shelefu paja.

Koma a Makaniko ndi amene ankamanga mabawuti pa magalimoto onsewo, choncho ankadziwa zimene wogula sankaziona. Galimoto ya mpikisano inali ndi kona yakeyake m'galajamo. Inatuluka m'chikombole chomwecho, inde, koma fayiba yake inali yopyapyala kuti ipepuke. Mpando unali umodzi wokha. Injini yake inali ndi zitsulo zochita kuitanitsa kunja, ndipo ikangobwera ku mpikisano ankaimasula yonse, kusintha chilichonse chimene chayamba kutha. Matayala ake anali ofewa, ogwira msewu ngati ulimbo, koma otha tsiku limodzi. Mabuleki anali ena, mashoko anali ena. Anthu atatu ankachezera usiku wa Lachisanu pa galimoto imodzi yomweyo, ndipo woyendetsa wake ankadziwa kona iliyonse ya bwalolo ngati njira ya kuchitsime.

Galimoto ya wogula inali nkhani ina. Nthawi zambiri injini yake inali yochotsa m'galimoto yakale, n'kuikonza, kuitsuka ndi kuipenta. Mabuleki ndi mashoko anali wamba. Ogula ena ankangotenga thupi ndi mapaipi n'kukamaliza okha kunyumba, aliyense ndi injini imene thumba lake lakwanitsa, kotero kuti magalimoto awiri otuluka m'chikombole chimodzi sankafanana mpang'ono pomwe m'kati. Kunja kokha ndi kumene anali ngati mapasa.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wachikulire amene anali atangopuma pa ntchito ya uphunzitsi. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana zikho zija, kenaka anapereka ndalama zake za penshoni. Patapita miyezi anatenga galimoto yakeyo kupita nayo ku bwalo lomwe lija tsiku limene anthu wamba amaloledwa kuyesa magalimoto awo. Anzake anamudutsa ngati waima, ndipo asanazungulire kambiri injini inatentha, mabuleki n'kuyamba kununkha. Atabwerera ku galaja kuja ndi madandaulo, bwana anamuyankha mwaulemu kuti ngati akufuna galimoto yothamanga ngati ya pachithunzi, aonjezere ichi ndi ichi ndi ichi. Ataonkhetsa, mtengo wa zoonjezerazo unaposa wa galimoto imene anagula.

"Ndinali pomwepo, mphwanga, sipanala ili m'manja," anatero a Makaniko. "Tsiku limene ankagula ndinali pomwepo, tsiku limene anabwera kudzadandaula ndinalinso pomwepo. Ndikanatha kumukokera pambali poyamba paja n'kumuuza kuti bambo, ya pachithunziyo si imene mukugulayi. Koma ndinalibe mapepala okhalira m'dzikomo, ndipo kwathu kuno anthu ankadikira ndalama zanga. Ndinatseka pakamwa. Nkhope ya munthu uja mpaka lero ndimaiona."

Chovuta pa nkhaniyi n'chakuti bwana uja sananame poyera. Chikho chinali chenicheni, galimoto inapambanadi, ndipo inapangidwadi m'galaja momwemo. Bodza linali m'zimene wogula anasiyidwa kuti aganize yekha. Ndipo zimene a Makaniko anaona ku Durban si za kagalaja kamodzi kokha. Ndi mmene mipikisano yambiri ya magalimoto imayendera, ngakhale ya makampani akuluakulu, kungoti kumeneko zimachitika poyera, motsatira malamulo a mpikisano, ndipo wofuna kudziwa amadziwa.

Tengani mpikisano wa Dakar umene wogulitsa wa ku Cuamba anatchula. Unayamba kumapeto kwa chaka cha 1978, kuchoka ku Paris kupita ku Dakar m'dziko la Senegal. M'chaka cha 2008 unalephereka kaamba ka chiopsezo cha zigawenga ku Mauritania, kuchokera 2009 mpaka 2019 unkachitikira ku South America, ndipo m'chaka cha 2020 unasamukira ku Saudi Arabia. M'chaka cha 2019 Nasser Al-Attiyah wa ku Qatar anapambana mpikisanowu ndi Toyota Hilux, n'kudzapambananso nayo mu 2022 ndi 2023. Hilux ndi galimoto imene aliyense wa ku Ngauma kapena ku Mandimba amaidziwa, poti ndi imene amayendera a boma ndi a mabungwe. Koma Hilux imene inapambana mu 2019 inali ndi injini ya petulo ya masilinda 8, ya malita 5, yokhala pa mapaipi owotcherera, ndipo inamangidwa ndi manja kufupi ndi Johannesburg. Hilux ya m'sitolo imatuluka m'fakitale ya ku Prospecton ku Durban, ndipo zambiri zimene zimafika kuno ndi za dizilo, za masilinda 4. Hilux ya m'sitolo ndi yolimba, palibe angatsutse, koma umboni wa kulimba kwake uli m'misewu ya Niassa, osati m'chikho cha ku chipululu.

Ku njinga zamoto nkhani ndi yomweyo. Mu Januwale 2024 Ross Branch wa ku Botswana anakhala wachiwiri pa mpikisano wa Dakar atakwera njinga ya kampani ya Hero ya ku India, ndipo chaka chomwecho anakhala katswiri wa dziko lonse pa mipikisano ya mtunduwu. Zinali zonyaditsa kwa anthu a chigawo chino cha Africa. Koma njinga za mpikisanowu zimakhala ndi injini ya 450cc yozizira ndi madzi, zimanyamula petulo woposa malita 30, ndipo kumbuyo kwa wokwera mmodzi kumakhala gulu la amakaniko ndi lole ya masipeya. Njinga zimene anthu amagula kuti achitire kabaza n'za 100cc, 125cc kapena 150cc, zozizira ndi mphepo. Dzina la pa thanki likhoza kufanana, koma ntchito zake n'zosiyana ngati ya galu wosaka ndi ya ng'ombe ya pangolo.

Akuluakulu oyendetsa mipikisano anaona kalekale kuti makampani angathe kumapikisana ndi magalimoto oti palibe angawagule, ndipo anaika malamulo oti kampani iyambe yapanga chiwerengero chakutichakuti chogulitsa kwa anthu isanalowe mu mpikisano. Koma m'gulu limene linkatchedwa Group B, m'zaka za 1982 mpaka 1986, chiwerengerocho chinali magalimoto 200 okha. Kampani ya Peugeot inapanga 205 T16, imene kunja inkaoneka ngati kagalimoto ka 205 kopitira ku msika, chonsecho injini yake inali kumbuyo kwa woyendetsa ndipo inkakoka ndi matayala onse anayi, pomwe ya m'sitolo injini inali kutsogolo ndipo inkakoka ndi matayala akutsogolo okha. Magalimoto a gulu limeneli anafika pa liwiro loopsa, ndipo Henri Toivonen ndi mnzake Sergio Cresto atafa pa ngozi ku Corsica mu Meyi 1986, gululo linathetsedwa kumapeto kwa chaka chomwecho.

Mnyamata uja atamva zonsezi anafunsa ngati ndiye kuti mpikisano uliwonse ndi chinyengo. A Makaniko anapukusa mutu, nati ayi, kuteronso kukhala kunama. Ilipo mipikisano imene inanena zoona za galimoto ya m'sitolo, ndipo umodzi unali konkuno ku Africa.

Mpikisano wa Safari unayamba m'chaka cha 1953 m'maiko a Kenya, Uganda ndi Tanganyika, pokondwerera kulongedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth. M'zaka zoyambirira magalimoto ake anali pafupifupi omwewo amene munthu akanagula m'sitolo, ndipo ankayenda makilomita zikwi zingapo usana ndi usiku, m'misewu ya fumbi ndi matope, nyengo ya mvula. M'chaka cha 1963 ananyamuka magalimoto 84 koma anafika 7 okha, ndipo yoyamba inali Peugeot 404. Galimoto yomweyi inapambananso mu 1966, 1967 ndi 1968. Amene anakwerako 404 ikunyamula anthu ndi katundu m'misewu ya kumidzi angavomereze kuti chikhocho sichinaname. M'chaka cha 1965 Joginder Singh wa ku Kenya ndi mbale wake Jaswant anapambana ndi Volvo yakale, yoti inali itayenda kale mtunda wautali, imene anaigula n'kuikonza okha. Apo ndiye munthu akanatha kunena kuti imene yapambana ndi imene ndingagule.

Ngakhale pakati pa opanga magalimoto a mtundu wa Lotus Seven alipo amene anapeza njira yachilungamo. Kampani ya Caterham ya ku Mangalande, imene inagula ufulu wopanga galimotoyi m'chaka cha 1973, inayambitsa mu 1995 mpikisano wa ogula okhaokha ongoyamba kumene. Aliyense amagula galimoto yofanana ndi ya mnzake, yololedwa kuyenda pamsewu, ndipo injini imamatidwa chidindo kuti wina asaigwiregwire. Wopambana kumeneko amapambana ndi galimoto imene wina aliyense angakagule mawa. Nayo kampani ya KTM ya ku Austria, imene njinga zake zinapambana Dakar maulendo 18 otsatizana kuchokera 2001 mpaka 2019, imagulitsa njinga yotengera ya mpikisanoyo, yotchedwa 450 Rally Replica. Koma imapanga zowerengeka zokha, ndipo mtengo wa imodzi munthu angagulire galimoto. Apa mpamene pali phunziro: chinthu chofananadi ndi chimene chinapambana chimabweranso ndi mtengo wofanana nacho. Chikakhala chotsika mtengo kwambiri, ndiye kuti chafanana penti yokha.

Poona kuti mnyamata uja mutu wayamba kuzungulira ndi maina achilendowa, a Makaniko anamukumbutsa za munda wachitsanzo. Mlimi aliyense anauonapo munda wa m'mbali mwa msewu, wokhala ndi chikwangwani cha mbeu, chimanga chili bii, zisononkho ziwiriziwiri. Mbeuyo ndi yomweyo imene ili m'sitolo, koma mundawo unasankhidwa pa nthaka yabwino, unathiridwa feteleza kawiri pa nthawi yake, unapaliridwa udzu usanamere n'komwe, ndipo mlangizi ankauyendera sabata iliyonse. Mlimi wanzeru amausirira ndithu, koma asanagule mbeuyo amakaona kaye munda wa mnansi wake amene anabzala mbeu yomweyo pa mchenga ndi kathumba kamodzi ka feteleza. Mpikisano wa magalimoto ndi munda wachitsanzo. Umaonetsa zimene kampani ingathe ikaika ndalama ndi anthu ake onse pa chinthu chimodzi. Suonetsa zimene chinthucho chidzachite m'manja mwa munthu wa dengu la milamba.

Loweruka lotsatira awiriwa anakwera chapa limodzi kupita ku Cuamba. Njinga ija inalidi yokongola, yoti mnyamata aliyense mtima ungadumphe. A Makaniko anapereka moni kwa wogulitsa, kenaka anagwada pansi n'kusuzumira kunsi kwa mapulasitiki ofiira aja. Zimene anaona zinali zimene ankayembekeza. Injini inali ya silinda imodzi, yozizira ndi mphepo, ya kapangidwe kotengera Honda CG125, njinga imene a ku Japan anatulutsa m'chaka cha 1975 poganizira maiko amene anthu ake amanyamula katundu wolemera ndiponso sasintha oyilo pafupipafupi. Makampani ambiri akhala akutengera injini imeneyi, ndipo ndi imene ili m'njinga zochuluka za kabaza mbali zonse ziwiri za malire. Pambali pa yofiirayo panali ina yakuda, yosaoneka bwino, ya mashoko awiri kumbuyo ndi kaliyala wachitsulo. Injini yake inali yofanana ndendende ndi ya yofiira ija.

"Achimwene," anatero a Makaniko kwa wogulitsa uja, "tandithandizani. Ya pa kalendalayi ili ndi ladiyeta, iyi ilibe. Ya pa kalendalayi paipi ya utsi yadzera uku, iyi yadzera uko. Dzina limene lalembedwa pa thanki ya pachithunzichi si limene lili pa njinga yanuyi. Nanga inapambana ndi iti?"

Wogulitsa uja, amene anali mnyamata ndithu, anayang'ana kalendala, n'kuyang'ana njinga, kenaka anaseka mwamanyazi. Anati kalendalayo inabwera ndi katundu kuchokera ku Nampula, ndipo iye anangoikhoma poti inali yokongola. Za mpikisanozo anangomva kwa amene anabweretsa njingazo.

"Musadandaule, si mlandu," anatero a Makaniko. "Koma ndiuzeni ichi. Yofiirayi ili ndi shoko imodzi pakati. Ikafa, ndikaipeza kuti?"

"Timaitanitsa, bambo."

"Nanga za yakudayi?"

"Zimenezo ndiye zili paliponse, ngakhale pamsika."

Atatuluka m'sitolomo a Makaniko sanamuuze mphwawo chochita. Anangomutengera pa siteji ya anyamata a kabaza n'kumuuza kuti afunse yekha, poti safunsa anadya phula. Anamulangiza kuti asafunse amene njinga yake ikunyezimira, koma amene njinga yake yaona madzinja awiri kapena atatu. Mnyamatayo anatha ola lathunthu akufunsa kuti ndi iti imadula masipoko ikanyamula matumba awiri, ndi iti imamwa petulo, ndi iti imalira msanga m'mawa kukazizira, ndi iti imene makaniko wa kumudzi angaimasule popanda zida zachilendo. Mayankho amene anapeza sanali pa kalendala iliyonse, koma ndiwo anali zotsatira za mpikisano umene iye ankafuna kulowa.

Anagula yakuda ija. Kunena zoona sanagule ndi mtima wonse, ndipo ulendo wobwerera anali duu, osalankhula ndi amalume ake. Ndalama zimene zinatsala analipirira mapepala a njingayo, n'kugula chipewa choteteza mutu, tcheni chapadera ndi petulo woyambira geni. Patangopita masabata ochepa mnzake wina wa geni yomweyo anakagula yofiira ija, ndipo ikadutsa pamsika ana ankaithamangira. Mnyamata wa a Makaniko ankangoyang'ana kumbali.

Mvula itagwa, njira za ku Amaramba zinayamba kupereka chiweruzo chake, ndipo sizinakondere aliyense. Yakuda ija inadula masipoko kawiri, tcheni chinatamuka, ndipo tsiku lina inazima pakati pa dambo madzi atalowa ku pulagi. Koma chilichonse chimene chinaonongeka chinapezeka pamsika wa Mandimba tsiku lomwelo, ndipo m'mawa mwake njinga inali pa ulendo. Yofiira ija injini yake sinavute mpang'ono pomwe, poti inali injini yomwe ija. Koma inalibe pomangira dengu pabwino, mapulasitiki ake anasweka itagwa pa matope, ndipo mu Febuluwale shoko ija inafa ndi kulemera kwa katundu. Inasowa ku Mandimba, inasowa ku Chiponde, inasowa ku Namwera. Njingayo inakhala masabata asanu pansi pa mango pa a Makaniko kudikira sipeya yochokera ku Nampula, mwini wake atabwerera pa yakapalasa nthawi imene nsomba zinali pa mtengo wabwino.

A Makaniko sananene kuti ndinanena ine. Anaikonza yofiirayo sipeya itafika, n'kuiwotcherera kaliyala wachitsulo, ndipo mpaka lero ikuyenda. Iwo amati sinali njinga yoipa, kungoti mwini wake analipira ndalama za chikho chimene njingayo sinapambane. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, koma pa nkhani iyi m'kati munalibe nyerere. Munali chabe njinga wamba imene inavekedwa malaya a eni ake.

Pofika nthawi yokolola, mayi a mnyamata uja anali atabwezeredwa mbuzi ziwiri mwa zinayi zija. Tsiku lina mnyamatayo anafika pansi pa mango paja atalemba nambala 1 yaikulu ndi penti yoyera kutsogolo kwa njinga yake yakuda. Anzake a kabaza anamuseka, namufunsa kuti wapambana mpikisano uti.

"Wa ku Amaramba," anayankha. "Dzinja lonse sindinagone m'njira."

A Makaniko anaiyang'ana nambalayo, n'kugwedeza tayala lakumbuyo kuti amve ngati masipoko ali bwino. Kenaka anamuuza kuti abwere nayo Lachitatu adzasinthe oyilo, poti mpikisano umenewo umayambanso mvula ikangogwa.